Mmene Mungalakwitsire Poyeza Moyo wa Mafuta Ophikira

Pa botolo la mafuta ophikira pamalembedwa tsiku limene mafutawo adzathere mphamvu. Mayi amene akugula pa golosale ku Ndirande kapena ku Kawale sadziwa kuti tsikulo linapezeka bwanji, ndipo si udindo wake kudziwa. Iye amangokhulupirira kuti alipo amene anayeza. Munthuyo mwina ndi inu, kaya muli mu labotale ya fakitale, ya sukulu ya ukachenjede, kapena m'kachipinda ka kopaletivi imene imafinya mpendadzuwa ndi mtedza. Njira zolakwitsira ntchito imeneyi ndi zodziwika, ndipo ndiziyala pano mmene zimatsatirana, kuyambira pa diramu mpaka pa lipoti. Mukazitsatira, nambala mudzaipeza ndithu, yolembeka bwino koma yabodza. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mayeso awa akalakwika palibe chimene chimasweka kapena kuphulika kuti wina achenjere. Pepala limangosainidwa, mafuta n'kupita ku msika.

Yambani ndi kusafunsa chimene mukuyeza. Chimene chimawononga mafuta ndi mpweya wa okosijeni womwe timapumawu. Mafuta amamangidwa ndi tizigawo totchedwa fatty acid, ndipo tina tili ndi malo ofooka, otchedwa double bond, pamene okosijeni amalowera. Oleic ali ndi malo amodzi otere, linoleic awiri, linolenic atatu. Linoleic amagwidwa msanga kopitirira ka 10 kuposa oleic, ndipo linolenic amaposanso linoleic pafupifupi kawiri. N'chifukwa chake mafuta a mpendadzuwa wamba, amene kawirikawiri linoleic wake amapitirira theka, sapirira mofanana ndi a mtedza. A soya, okhala ndi linolenic wa 7 kapena 8 peresenti, sachedwa kusintha fungo, pamene palm olein wochokera ku Malaysia ndi Indonesia, wa linoleic pafupifupi 11 peresenti yokha, amakhalitsa. Kuwonongekako kuli ndi magawo ake. Poyamba pamakhala bata, tocopherol, yemwe ndi vitamini E wa m'mbewu momwemo, akutchinjiriza mafuta. Iye akatha, ma peroxide amachuluka mwachangu. Ma peroxide alibe fungo ndipo lilime siliwamva. Akasweka m'pamene amabala ma aldehyde, amene amabweretsa fungo la penti wakale ndi kukanda pakhosi. Ndiye pali mafunso awiri: mafutawa awonongeka kale kufika pati, nanga atsala ndi mphamvu yotani yopirira? Wofuna kulakwitsa asakanize mafunsowa, ayankhe lachiwiri ndi mayeso a loyamba.

Sampulo tengani mmene mwafunira. Tungani pamwamba pa diramu pokha, kapena pansi pa thanki pamene padikha zotsalira za mbewu. Thirani m'botolo loonekera mkati la madzi akumwa, mulekeze pakati, n'kuliika pa zenera la minibasi ulendo wonse wa ku Blantyre. Theka lopanda mafutalo ndi lodzaza mpweya, ndipo galimoto ikamadumpha m'maenje mpweyawo ukulowa m'mafuta. Dzuwa ndiye mdani wamkulu wa mafuta ongofinya osayenga, chifukwa amakhala ndi chlorophyll. Kuwala kukamugunda, iye amasandutsa okosijeni kukhala wa mtundu wina waukali, umene umagwira linoleic mwachangu pafupifupi ka 1,500 kuposa okosijeni wamba. Mukafika, botololo lisiyeni pa shelefu sabata yathunthu podikira kuti mankhwala abwere. Chimene mudzayeze pamenepo ndi ulendo wa botolo osati mafuta a m'diramu, ndipo alimi amene anafinya mafuta abwinobwino adzauzidwa kuti katundu wawo walephera. Sampulo yoona imatengedwa m'malo angapo a chotengera, mmene ndondomeko ya ISO 5555 imanenera, m'botolo lagalasi lodera, lodzaza mpaka kukhosi, n'kusungidwa pozizira ndi pamdima. Mu June ndi July palm olein amaundana pang'ono. Kuti mulakwitse, khuthulani lamadzimadzi lokha n'kusiya loundanalo, chonsecho malo ofooka aja achuluka m'lamadzimadzilo.

Tsopano tifike pa peroxide value, mayeso amene malabotale ambiri amayamba nawo poti safuna makina odula. Njira yake ndi yakale. Imene D. H. Wheeler anafalitsa mu 1932 ndiyo maziko a zimene zili mu ISO 3960 ndi m'mabuku a AOCS, bungwe la ku America la akatswiri a za mafuta. Mumayeza magalamu 5 a mafuta mu flask, kuwasungunula mu acetic acid wosakaniza ndi isooctane kapena chloroform, kuthira theka la mililita ya potassium iodide, kugwedeza mphindi imodzi yeniyeni, kenako n'kuthira madzi. Ma peroxide amamasula ayodini, ndipo za mu flask zimasanduka zachikasu choderako. Mumadontheza sodium thiosulfate kuchokera mu burette mpaka chikasucho chitazilala. Apo mumathira sitachi, zonse n'kusanduka zabuluu wodera, inu n'kumadonthezabe limodzilimodzi uku mukugwedeza mwamphamvu, maso ali pa gawo la madzi, mpaka mtunduwo utazimiririka. Kuchuluka kwa thiosulfate amene walowa ndiko kumakuuzani kuchuluka kwa ma peroxide.

Pa sitepe iliyonse pali mpata wolakwitsira. Tengani potassium iodide amene munasungunula mwezi watha, amene wayamba kale chikasu m'botolo. Chikasucho ndi ayodini amene mpweya wamasula, ndipo mlandu wake udzagwera mafuta. Dumphani blank, mayeso a mankhwala okha opanda mafuta, amene akanakuululirani zimenezi. Mphindi imodzi ija italikitseni: yankhani foni, flask muibwerere patapita mphindi zisanu ili poyera. Mpweya wa mu flask umapitiriza kumasula ayodini, nambala n'kukwera. Gwedezani mwaulesi kuti ayodini wina atsalire m'gawo la mafuta. Buluu adzazimiririka nthawi isanakwane, nambala n'kutsika. Thiosulfate musamuyese mphamvu, ingokhulupirirani zimene zinalembedwa pa botolo miyezi yapitayo, ngakhale amafooka akakhalitsa. Ndipo pa mafuta atsopano sankhani wamphamvu wa 0.1 N. Masamu ake ndi awa. Pa magalamu 5, mililita imodzi ya thiosulfate ameneyu ndi mayuniti 20, kutanthauza kuti dontho limodzi, lomwe ndi pafupifupi 0.05 ya mililita, ndi yuniti yathunthu. Mafuta ongotuluka kumene m'fakitale yabwino safika pa 1. Ndiye kuti mayeso onse atsamira pa dontho limodzi, ndipo chala chikangoterereka pa burette nambala yawirikiza. Wa 0.01 N amafuna madontho 10 pa yuniti yomweyo, ndipo pamenepo diso limatha kuona malire.

Ngati mukadali pa chloroform, gwirirani ntchito pa tebulo, mazenera ali chitsekere, m'malo mwa mu fume hood. Cholakwika chimenechi sichikhudza nambala, chimakhudza chiwindi chanu. Njira ya isooctane ya AOCS, Cd 8b-90, inabwera kuti anthu asiyane ndi chloroform, ndipo ndimamva chisoni kuona achinyamata akupumabe mankhwala amenewa tsiku ndi tsiku.

Ngakhale zonsezi mutazichita mosamala, cholakwika chachikulu chikadali patsogolo: kukhulupirira nambala imodziyi payokha. Muyezo wa Codex Alimentarius wa mafuta a zomera, wa mu 1999, umaika malire a 10 pa mafuta oyengedwa ndi 15 pa ongofinya. Mukapeza 4, lembani kuti mafuta ali bwino osafunsanso china. Koma ma peroxide sakwera mpaka kalekale. Amakwera, amafika pachimake, kenako amatsika pamene akusweka. Moto wongoyatsa kumene ndi moto umene ukuzima malawi ake amachepa mofanana, chowasiyanitsa ndi phulusa. Peroxide value imawerenga malawi okha. Nambala 4 ikhoza kukhala ya mafuta a sabata yatha, ikhozanso kukhala ya mafuta amene anatha kalekale, makamaka ngati anatenthedwapo. Ku fakitale, gawo lomaliza loyenga limapititsa nthunzi m'mafuta pa kutentha kopitirira madigiri 200 kuti fungo lichoke, ndipo limaphwanya pafupifupi ma peroxide onse. Mafuta osayenga amene anakhala miyezi m'thanki yotentha akudikira ulendo amatuluka m'gawo limeneli ndi peroxide value ya pafupi ndi 0, chimodzimodzi amene anasamalidwa kuyambira kumunda. Pa pepala ndi ofanana. Pa shelefu oyamba aja sachedwa kununkha, chifukwa tocopherol wawo anatha kale ndipo zotsalira za kuwonongeka koyamba zikadali momwemo.

Phulusalo limaoneka pa p-anisidine value. Mankhwalawa amagwirana ndi ma aldehyde olemera amene nthunzi sinathe kuchotsa, n'kupanga chikasu chimene spectrophotometer imawerenga pa 350 nm. Mukawirikiza peroxide value kawiri n'kuphatikiza nambala ya anisidine mumapeza Totox, imene imanena za lero ndi za dzulo pamodzi. Kuti mulakwitse, nenani kuti mayesowa ndi ongotaya nthawi. Mukakakamizidwa, tengani anisidine amene wasintha mtundu, magalasi onyowa, kenako yerekezani nambala ya mpendadzuwa ndi ya palm olein ngati zili pa muyezo umodzi. Ma aldehyde a linoleic amatulutsa chikasu chambiri kuposa a oleic, choncho nambalayi ili ndi tanthauzo pakati pa mafuta a mtundu umodzi okha.

Palinso njira ya chidule, yosankha mayeso osagwirizana ndi funso. Acid value imanena za mafuta amene aphwanyidwa ndi chinyezi, monga a mbewu zimene zinasungidwa zisanaume, ndipo siiona okosijeni. Iperekeni ngati umboni woti mafuta adzakhalitsa. Mayeso ena otchedwa TBA amagwira bwino pa mafuta a malo ofooka atatu kapena kuposerapo. Agwiritseni pa mtedza ndi mpendadzuwa, amene linolenic alibe kwenikweni. Mafuta a pa chiwaya, amene akazinga tchipisi masiku angapo mpaka kuda ndi kuchita thovu, ayezeni peroxide value. Pa madigiri 180 ma peroxide amasweka akangobadwa, ndiye nambala idzatuluka yaing'ono, mafuta oyenera kutayidwa n'kupambana mayeso. Mafuta okazingira amayezedwa total polar compounds, ndipo mayiko angapo a ku Ulaya amalamula kuti atayidwe akafika pakati pa 24 ndi 27 peresenti.

Funso lachiwiri lija, la mphamvu imene yatsala, lili ndi mayeso akeake, oumiriza mafuta kukalamba msanga. Mu 1933 akatswiri a kampani ya Swift ku Chicago anafalitsa njira youzira mpweya m'mafuta otentha pa madigiri 97.8, n'kumatapako pang'onopang'ono ndi manja mpaka peroxide value itafika pa mlingo woikika, umene pa mafuta a zomera unakhala 100. Inali ntchito yogonera pomwepo. Mu 1974 Hadorn ndi Zürcher ku Switzerland anasonyeza njira yopepukirapo, imene kampani ya Metrohm ya ku Herisau inaisandutsa makina a Rancimat, ndipo lero ili mu ISO 6886 ndi AOCS Cd 12b-92. Magalamu ochepa a mafuta, kawirikawiri 3, amaikidwa m'kachubu ka galasi pa kutentha kwa pakati pa madigiri 100 ndi 120. Mpweya umadutsa m'mafutamo n'kukatulukira m'kabotolo ka madzi oyera kotheratu, mmene muli choyezera mmene madziwo akupititsira magetsi. Kwa maola angapo mzere wa pa kompyuta umangogona. Chitetezo cha mafuta chikatha, ma asidi opepuka, makamaka formic, amauluka n'kugwera m'madzimo, mzere n'kudzambatuka. Maola a kuyambira poyatsa mpaka pokhota pamenepo ndiwo induction time.

Popeza makinawa amalemba okha, n'kosavuta kuiwala kuti amalemba zimene awapatsa. Timachubu ndi todula, ndiye gwiritsaninso ntchito kachubu ka dzulo mutangokatsukuluza ndi sopo. Kayang'aneni pa kuwala: m'mbali mwake, pamene mafuta ankathovokera, mwamata kanthu kofiirira konanda, kamene sopo sachotsa ndipo chikhadabo chimachita kukapala. Amenewo ndi mafuta ofa kale, ndipo akakhudzana ndi atsopano amawayambitsira kuwonongeka nthawi yomweyo. Induction time imafupika, mafuta abwino n'kuoneka ofooka. Kakakana kuchoka, kwechani ndi waya wa mapoto kuti tizidutswa ta chitsulo titsalire m'mikwingwirima ya galasi. Chitsulo ndi mkuwa zimafulumizitsa kusweka kwa ma peroxide ngakhale zitachepa chotani, n'chifukwa chake Codex imalola mamiligalamu 1.5 okha a chitsulo ndi 0.1 a mkuwa pa kilogalamu ya mafuta oyengedwa. M'kabotolo ka madzi thirani a pa mpopi kapena pa mjigo, amene mchere wake umapititsa kale magetsi. Sefa ya mpweya musaisinthe. Magetsi akathima pakati pa mayeso, dikirani abwere n'kupitiriza pomwe munasiyira, ngati kuti mafuta amene anazizira ndi kutenthedwanso ali pa ulendo womwe uja.

Kutentha musakutsimikize ndi choyezera china. Mpweya wodutsa umaziziritsa mafuta, moti kutentha kwa mkati mwa kachubu kumatsikirako poyerekeza ndi kumene makina akuonetsa, ndipo opanga makinawo amauza kuti kusiyanako kuyezedwe ndi kukonzedwa. Kawirikawiri madigiri 10 aliwonse owonjezera amadula induction time pakati, choncho madigiri 2 okha amasuntha yankho ndi pafupifupi 15 peresenti. Ngati mukufuna kuweruka msanga, kwezani kufika 140 pa mafuta a mpendadzuwa. Zonse zidzatha mofulumira moti pokhota sipadzaoneka bwino, ndipo mafuta awiri osiyana adzapereka nambala zoyandikana. Yezani kachubu kamodzi basi, kuti pasakhale china chokutsutsani. Polemba, ikani "maola 6" osatchula kutentha, kuchuluka kwa mpweya kapena njira imene mwatsata. Maola 6 pa madigiri 120 ndi pafupifupi maola 12 pa 110, ndipo wowerenga sangadziwe kuti mukunena ati.

Kenako chitani chinthu chimene chimabala masiku ambiri abodza pa mabotolo: sandutsani maola a makina kukhala miyezi ya pa shelefu. Tiyerekeze kuti mwapeza maola 6 pa madigiri 110, ndipo mukufuna kudziwa za pa madigiri 30. Kusiyana kwake ndi madigiri 80, ndiye mukuwirikiza ka 8. Mukatenga 2 pa madigiri 10 aliwonse, mupeza maola 1,536, omwe ndi masiku 64. Koma 2 ameneyu ndi wongoyerekeza, ndipo amasintha malinga ndi mafuta. Akakhala 1.8, yankho ndi masiku 28. Akakhala 2.2, ndi masiku 137. Mafuta ake omwewo, mayeso ake omwewo, koma mayankho asiyana pafupifupi kasanu, chifukwa cha kanambala kamene palibe anakayeza. Wofuna kulakwitsa asankhe yankho limene a zamalonda angakondwere nalo.

Ndipo vuto si masamu okha. Zimene zimachitika mu kachubu si zimene zimachitika m'botolo. Mu makina mpweya ukuuziridwa kosalekeza, pamene m'botolo lotseka muli mpweya wochepa umene unatsala kukhosi ndi umene umalowa pang'onopang'ono kudzera m'pulasitiki. Pa madigiri 110 ma peroxide amasweka mofulumira ndiponso m'njira zina, zosiyana ndi za pa 30. Mankhwala otetezera mafuta nawo amasintha khalidwe. BHT amauluka pa kutentha kotere, ndiye makina amamuonetsa wofooka kuposa mmene alili m'botolo, ndipo amene akusankha mankhwala poona Rancimat yokha akhoza kusiya oyenera. Pokhota pa mzere ndi pamene mafuta atheratu, chonsecho mphuno ya wogula inawakana kale asanafike pamenepo. Choposa zonse, m'makinamo muli mdima. Sadziwa kanthu za botolo loonekera mkati limene laima pa benchi ya pamsika kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kapena za timapepala ta mafuta oyeza timene tapachikidwa pa okala dzuwa likuswa mtengo. Kwathu kuno mafuta ambiri amafika m'poto kudzera njira imeneyi. Ntchito yeniyeni ya Rancimat ndi kuyerekeza: mafuta a lero ndi a mwezi watha, mbewu iyi ndi iyo, othira mankhwala ndi osathira, zonse pa kutentha kumodzi. Pamenepo ndi makina abwino zedi, ndipo labotale imene ili nawo iwasamale.

Njira zimene zimayandikira choonadi ndi zochedwa, choncho zikaneni ponena kuti nthawi palibe. Ina ndi ya Schaal, yoika mafuta mu uvuni wa madigiri pafupifupi 60 kwa masiku kapena masabata, n'kumayeza ndi kununkhiza pakapita masiku angapo. Siifuna makina odula, ndipo pa kutentha kumeneko kuwonongeka kumafananako ndi kwa pa shelefu. Inayo ndi yongosunga mafutawo m'mabotolo momwe adzagulitsidwire, ena pamdima ena poyera, n'kumatsegula limodzi mwezi uliwonse kuyeza peroxide, anisidine ndi fungo. Kuti nayonso muilakwitse, sungani mabotolowo mu ofesi yozizira ya bwana, ngakhale mafutawo akupita ku Nsanje ndi Chikwawa kumene mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40. Kapena tsegulani botolo limodzi lomwelo mwezi ndi mwezi, kuti mpweya watsopano uzilowa nthawi iliyonse mukatapa.

Mphuno ichotseni pa ntchito yonseyi, muzinena kuti si sayansi. Komatu mphuno ya munthu imamva ma aldehyde ena akadali ochepa kwambiri, ndipo mafuta a soya amatha kuyamba fungo la nyemba zaziwisi kapena la nsomba peroxide value ikadali pansi penipeni pa malire. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ophunzitsidwa kununkhiza mafuta otenthetsa pang'ono m'timakapu tovindikira, osauzidwa kuti kapu iyi ndi iti, amagwira zimene burette yaphonya. Wogula sadziwa Totox, iye amatsegula botolo n'kununkhiza.

Wina anganene kuti mafuta onunkha pang'ono sanaphepo munthu pomwepo, nanga chovuta n'chiyani? Ku Malawi lamulo limafuna kuti mafuta ophikira athiridwe vitamini A, ndipo Malawi Bureau of Standards ndiyo imayang'anira miyezo yake. Mafuta anasankhidwa chifukwa vitaminiyu amasungunuka m'mafuta, komanso chifukwa ngakhale banja losauka limagulako pang'ono a ndiwo. Koma vitamini A nayenso amaphedwa ndi okosijeni ndi kuwala. Akathiridwa m'mafuta amene ma peroxide achuluka kale, amatha msanga mafutawo asanayambe n'komwe kununkha. Fakitale ikhoza kuthira mlingo wonse woyenera, botolo n'kulembedwa moona pa tsiku lothira, koma pofika m'mbale ya mwana vitaminiyo atachepa kwambiri. Mwana wosowa vitamini A amavutika kuona kukada, ndipo chikuku kapena kutsegula m'mimba zikamupeza zimamupweteka koposa. Woyeza amene wadumpha blank saona nkhope ya mwana ameneyo, koma nambala yake ndi imene yaloleza botololo kutuluka.

Zolakwika zimenezi sizipendekera mbali imodzi. Kachubu kakuda, botolo la pa zenera ndi potassium iodide wachikasu zimanamizira mafuta abwino, ndipo woluza ndi mlimi ndi kopaletivi yake, amene amabwezeredwa katundu kapena kudulidwa mtengo. Peroxide value yoima yokha, kugwedeza mwaulesi ndi masamu osandutsa maola kukhala miyezi zimabisa mafuta oipa, ndipo woluza ndi wakudya. Zoyambazo zimagwidwa msanga, poti mwini katundu amadandaula n'kupempha kuti ayezenso. Zachiwirizo palibe amene amazidandaula, chifukwa aliyense amene waona pepala ndi wokondwa. Ndi zimene ndimaziopa kwambiri.

Chatsala ndi lipoti. Mayeso awiri a sampulo imodzi akasiyana kwambiri, fufutani yankho limene silikusangalatsani m'malo mobwereza onse. Tsiku lotengera sampulo ndi tsiku loyeza musazilembe, kuti sabata ya pa shelefu ija isadziwike. Mankhwala akatha, koperani nambala za pa satifiketi ya amene anakugulitsani mafuta, zimene zinayezedwa katunduyo asanakwere sitima. Bwana akaima pakhomo, lole ikudikira panja, n'kufunsa ngati 11 sangakhale 9, kumbukirani za ntchito yanu n'kumulembera 9. Ndikudziwa kuti apa m'povuta kuposa pena paliponse, makamaka kwa wachinyamata amene wangolembedwa kumene ndipo kunyumba akumudalira. Chimene chimamuteteza ndi buku la labotale lolembedwa ndi bolopeni nthawi yomweyo, muli kulemera kwa sampulo, blank, mamililita a thiosulfate ndi dzina la woyeza, chifukwa zolembedwa motero n'zovuta kuzipotoza ndi pakamwa.

Inu amene mumasaina malipoti amenewa, lipoti lopanda njira yoyezera, kutentha, blank ndi tsiku lotengera sampulo libwezeni, ndipo muwagulire ana anu a mu labotale mankhwala atsopano ndi timachubu toyera musanawafunse nambala. Inu oyeza, mukapeza chimodzi mwa izi pa tebulo lanu, imitsani katunduyo, tengani sampulo ina, muyezenso.